Kalata kwa mwana wanga ku yunivesite ku Chirunga

Wokondedwa mwana wanga,

Mlongo wako anafika kuno ku Thondwe Lamlungu ndi nkhani imene yatisowetsa tulo ine ndi amayi ako. Akuti atakuyendera ku Chikanda anakupeza uli chigonere dzuwa lili paliwombo, nsima ya dzulo ili m'mbale yosakhudza, ndipo mnzako wogona naye chipinda anamunong'oneza kuti papita masabata usakulowa m'kalasi. Usamukwiyire mlongo wako. Ine ndakhumudwa ndi iwe, chifukwa nthawi zonse ndikakuimbira foni umangoti zonse zili bwino, kenako n'kudula msanga ngati kuti mayunitsi ake ndi ako.

Sindikulembera za mayeso. Ndikudziwa kuti ngongole ya boma siikwanira lendi ndi chakudya, ndikudziwanso mantha amene ophunzira mumakhala nawo oti mukalephera mudzachotsedwa sukulu n'kubwerera kumudzi anthu akukulozani zala. Koma chimene chikundiopsa ine ndi kukhala chete kwakoko. Kuyambira uli mwana ndiwe wobisa. Uli Sitandade 4 unaponda msomali kuseri kwa khola, ndipo unayenda nalo bala lija osauza munthu mpaka phazi linatupa, ine n'kukubereka panjinga usiku. Lero bala lili mumtima, ndipo ukulibisa chimodzimodzi.

Achipatala amanena kuti munthu akatha masabata awiri kapena kuposerapo ali wokhumudwa, tulo osabwera kapena kungogona kosadzuka, chakudya osachifuna, zimene ankazikonda osamusangalatsanso, nthawi zambiri amakhala akudwala matenda a maganizo, osati ulesi kapena kulodzedwa ayi. Matendawa amachizika. Ena amachira pongokambirana ndi mlangizi amene anaphunzira ntchitoyo, ena amafunika mankhwala, amene amatenga masabata angapo asanayambe kuonetsa mphamvu, choncho munthu sayenera kuwasiyira panjira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zimene zikutenga kwambiri miyoyo ya achinyamata a zaka 15 mpaka 29, ndipo kuno kwathu apolisi akamalengeza za anthu odzipha, ambiri amakhala amuna. Amunafe tinaleredwa ndi mawu oti mwamuna salira, ndipo mawu amenewo atilowetsa m'manda anyamata ambiri. Malume ako aja sanauze munthu aliyense za ngongole zawo. Unalipo pamaliro paja, unaona mmene agogo ako analirira, ndiye sindionjezera.

Ndikudziwa chimene chikukuletsa kupempha thandizo. Ife a ku Zomba takula tikumva anthu akunyozana kuti uyu ngofunika kupita naye kumental, ngati kuti chipatala cha Zomba Mental ndi ndende. Chimenecho ndi chipatala monga china chilichonse, ndipo ambiri amaonedwa ndi dokotala n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Komanso sindikunena kuti uyambire kumeneko. Yambira pasukulu pompo: pita ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira ukafunse za uphungu, kapena kuchipatala cha pasukulupo ukafotokoze zonse mosabisa, ngakhale zimene ukuchita nazo manyazi. Ntchito ya aphungu ndi yosunga chinsinsi. Ophunzira ambiri amadutsa pakhomo pa maofesi amenewa tsiku ndi tsiku osalowamo, poopa kuti anzawo awaona, mpaka vuto limakula. Kodi anzako amene ukuwaopawo ndi amene adzakusenzere moyo wako? Ngati abusa ndi amene ungamasuke nawo, yamba ndi iwowo, koma pemphero lisakuletse kuonana ndi achipatala.

Za mowa ndi chamba sindinamve kanthu, ndipo sindikukuganizira zoipa. Ndingokuchenjeza kuti akadzabwera mnzako n'kukuuza kuti zimenezo zimachotsa nkhawa, umukane, pakuti zimangogonetsa nkhawayo usiku umodzi, m'mawa n'kudzuka itakula. Kubetcha mpira pafoni nakonso usakuyandikire.

Tsono mvetsa ichi, mwana wanga. Ngati maganizo ofuna kudzichotsera moyo anakufikirapo, ngakhale kamodzi kokha, undiimbire nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku, ndipo usakhale wekha m'chipindamo. Ukalephera mayeso udzalembanso. Ukabwereza chaka, tidzagulitsa mbuzi zija. Ngakhale utabwerako wopanda digiri, pakhomo pano ndi pako, ndipo palibe adzakufunse kanthu ine ndili moyo. Usabise, ndakupempha, usabisenso.

Loweruka ndikwera minibasi yam'mawa kubwera kumeneko. Amayi ako akonza ufa, nyemba ndi usipa pang'ono. Ngati ukuopa kupita wekha ku ofesi ija, ndidzagona kwa azakhali ako ku Matawale kuti Lolemba tidzapitire limodzi, ine n'kukudikirira panja.

Ndine bambo ako.