Za mabotolo a mayi aja

Lizulu, Ntcheu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ndalama munatumiza zija ndalandira, koma mabotolo a mankhwala azitsamba munati ndigulire mayi aja pa khansa yawo ya khomo la chiberekero sindinagule. Musanandipsere mtima, tamvani kaye.

Wogulitsayo ndinamupeza pamsika, chimkuzamawu chili m'manja. M'botolomo muli madzi akuda bii, palibe ngakhale kapepala konena zomwe zathiridwamo, ndipo akuti limodzi lomwelo limachiza khansa, shuga, BP ndi kusabereka komwe. Nditafunsa za mlingo anangoti kapu imodzi. Kapu yake iti, yomwera tiyi kapena chikho cha thobwa?

Zoti m'zomera muli mankhwala a khansa sindikutsutsa ayi. Kaduwa kofiirira kaja timabzala pafupi ndi khonde, Madagascar periwinkle, n'komwe kunachokera mankhwala a vincristine, amene ana odwala khansa ya Burkitt amalandira ku Queens. Mnzake vinblastine anamupeza Robert Noble ndi Charles Beer ku Canada mu 1958, m'masamba a kaduwa komweko. Paclitaxel, wothandiza pa khansa ya m'mawere ndi ya pakhungu yotchedwa Kaposi, adachokera ku khungwa la mtengo wa yew wa ku America. Komatu amenewa sawiritsa mumphika. Amayenga masamba mulu kuti apeze kachinthu kochepa, mlingo amauwerengera malinga ndi thupi la wodwala, amabaya mumtsempha, kwinaku akuyeza magazi pafupipafupi. Vincristine akangodontha kunja kwa mtsempha amawotcha mnofu. Ndiye mphamvu yotereyi tiziyeza ndi kapu?

Vidiyo ya masamba a mtengo wa zipatso wotchedwa soursop munanditumizira pa WhatsApp ndinaonera. N'zoona, mu labotale timadzi take tinapha maselo a khansa m'kambale. Koma m'kambale ngakhale Jik amapha maselo, ndipo palibe amene angamwetse mayi ake Jik. Pa chilumba cha Guadeloupe madokotala anapeza kuti ambiri odwala matenda a ubongo ofanana ndi Parkinson anali okonda kudya zipatsozi ndi kumwa tiyi wa masamba ake. Chiwindi ndi impso za mayi n'zimene zidzasefe mankhwala akuchipatala, tisazitopetse pasadakhale.

Chimene chimandiwawa n'chakuti khansa ya khomo la chiberekero imachizika ikapezeka msanga, koma ambiri amathera miyezi pa mabotolo, n'kukafika kwa dokotala itafalikira kale.

Choncho ndalamayo ikhala ya thiransipoti. Lolemba ndikuwaperekeza ku Central ku Lilongwe, ndipo zitsamba zonse akhala akumwa ndinyamula kuti adokotala azione. Mtsikana wanu wakwanitsa zaka 9, uzani alamu amutengere ku katemera wa HPV, woteteza ku khansa yomweyi. Mundiimbire Lolemba madzulo.

Ndine mnzanu wa kumudzi.