Zikomo ofesi ya maphunziro ya boma la Kasungu, makamaka mayi PEA, mlangizi wa sukulu za pulaimale m'zoni yathu

Abwana a DEM, mkulu wa maphunziro m'boma lino, ndi onse a kuofesi kwanu,

Ine ndimasunga mwana wa achimwene anga, mtsikana amene anatenga mimba ali sitandade 7. Khanda litasiya kuyamwa anabwerera kusukulu yekha osakakamizidwa, koma aphunzitsi ena, sinditchula sukulu yake, ankamuitana "amake mwana" m'kalasi anzake n'kumaseka. Anasiya kukweza mkono, kenako anasiyiratu kupita. Nkhaniyi ndinayenda nayo m'maofesi ena ndipo mayankho ake ndi omwe aja, bwerani mawa, abwana apita kuwekishopu, ukhale pabenchi mpaka dzuwa kupendeka ndalama ya kabaza itapita kale, moni wokha osaulandira.

Ndiye popita ku TDC, likulu la aphunzitsi m'zoni yathu komwe kuli ofesi ya mayi PEA, ndinali nditakonzekeratu kuti atibweza. Koma mayi aja, ayi ndithu Mulungu awadalitse. Sanayambe ndi ine. Anamukokera mpando mtsikanayo, kumufunsa dzina, kumufunsa phunziro lomwe amalikonda. Mwana anangoti zyoli, akupotokola nsonga ya chitenje. Foni yawo inalira, anaithimitsa n'kuiika m'chikwama. Anamuthirira madzi m'kapu yawo yomwe n'kudikira osamufulumizitsa, mpaka mwana anayankha chapansipansi kuti masamu. Apo m'pamene anamuuza kuti ndondomeko yoti mtsikana akabereka abwerere kusukulu boma linaikhazikitsa mu 1993, iye asanabadwe n'komwe, ndiye sakupempha chifundo kwa munthu aliyense, malo ake m'kalasi ndi ake. Ine misozi inalengeza, zoona.

Zamapepala anakonza okha, sitinavutikenso. Chomwe ndinaona n'chakuti anabwera kusukulu panjinga yamoto, anakhala pansi ndi ahedi komanso amayi a mother group, osanyazitsa mphunzitsi aliyense pamaso pa ana, ndipo anapempha madamu ena kuti azimuyang'anira mwanayu.

Madamuwo pano amamuitana dzina lake lenileni. Khanda litadwala malungo iye n'kujomba, anamusungira manotsi m'malo momukalipira. Ndipo imvani izi abwana, mwezi wathawu panali bambo wina ankamutchingira panjira pochokera kusukulu, mtsikanayu anakauza madamu ake kaye asanandiuze ine azakhali ake! Sindinakhumudwe olo pang'ono, mwana amene ankabisala akaona mphunzitsi pamsika lero akukaulula yekha zakukhosi, ndipo nkhaniyo inafika kwa amfumu msanga. Pano ali sitandade 8, akuwerenga ndi tochi usiku kukonzekera mayeso a MANEB.

Chonde muwauze mayi PEA aja kuti banja lathu lonse likuthokoza. Ngati kuli kotheka muziwatumanso kusukulu zina, chifukwa alipo aphunzitsi ena, akudzidziwa okha, amene mpaka lero amaona ngati kunyoza mwana pagulu ndiye kumuphunzitsa mwambo.

Ndine,
Azakhali ake a mwanayo, Kasungu