Ophunzira uinjiniya ndi a zachikhalidwe azichitira limodzi kafukufuku

A Mkonzi,

Chigawikireni Yunivesite ya Malawi mu 2021, sukulu ya uinjiniya imene inali Polytechnic ili payokha ku Blantyre pa dzina la MUBAS, pomwe maphunziro a zilankhulo ndi mbiri yakale anatsalira ku Zomba. Nkhawa yanga ndi yakuti ophunzira a mbali ziwirizi akhoza kumaliza maphunziro osagwirirapo ntchito limodzi.

Kumudzi kwathu akatswiri anakumba mjigo wabwino ndithu, wamadzi ambiri, koma anauika m'mphepete mwa manda chifukwa ndi pamene makina awo analoza. Sanakhale pansi ndi nyakwawa ngakhalenso amayi otunga madzi. Lero chogwirira chake chachita dzimbiri, ndipo amayi amaulambalala ndi ndowa pamutu kupita kudambo. Wophunzira zachikhalidwe akanafunsa za mandawo tsiku loyamba lomwe.

Ku yunivesite ya MUST, m'boma la Thyolo, uinjiniya ndi sukulu ya zachikhalidwe ya Bingu School of Culture and Heritage zili pamalo amodzi, choncho kumeneko palibe chowiringula. Ndikupempha akuluakulu a mayunivesite kuti kafukufuku wa chaka chomaliza azichitidwa m'magulu osakaniza, ndipo aphunzitsi a mbali zonse ziwiri azichongera limodzi.

Wowerenga wanu,
Zomba