Lipoti la msonkhano wa ku Tete uja munanditumako

Abale ndi alongo a gulu lathu ku Ulongwe, ndabwerako. Pepani ndachedwa kulemba, kutentha kwa ku Tete kunandifoola, ife ozolowera kamphepo ka Angónia timangopempha madzi nthawi zonse.

Nkhani inali ya mtendere kuno ku Mozambique ndi thandizo la maiko akunja. Zambiri zimayankhulidwa mu Chipwitikizi, ndiye mayi ena a ku Moatize omwe tinakhala benchi limodzi ndi amene amandinong'oneza ndikasochera. Anayambira ku Rome 1992 pomwe a Chissano omwe anali Pulezidenti ndi malemu a Dhlakama a Renamo anasainirana pangano lothetsa nkhondo mothandizidwa ndi gulu la Akatolika la Sant'Egidio, kenako asilikali a UN, chisankho cha 1994, apo sanachedwepo. Tinakhalitsa pa pangano la pa 6 Ogasiti 2019 la a Nyusi omwe anali Pulezidenti ndi a Ossufo Momade a Renamo, mkhalapakati wake a Mirko Manzoni a ku Switzerland. Asilikali a Renamo 5,221 anatula zida ndipo kampu yomaliza ku Vunduzi, Gorongosa, inatsekedwa mu Juni 2023. Anthu anaomba m'manja koma mayi aja ayi, anangoti iwo 2016 nkhondo ya boma ndi Renamo itabukanso anathawira ku Kapise ku Malawi ndi mwana kumsana, pobwera anapeza nkhokwe ili phulusa ndipo palibe anawafunsapo kuti munataya chani. Ine ndinasowa chowayankha.

Za Cabo Delgado anangodutsamo, kuti nkhondo inayamba 2017, Rwanda ndi SADC anatumiza asilikali 2021, a SADC anachoka 2024.

Funso lanu lija ndinafunsa ndithu, manja akunjenjemera. Ndinati bwanamkubwa wa chigawo tinayamba kumuvotera 2019, zikomo, nanga administrador wa distrito, mkulu wa boma laling'ono, yemwe aboma anatilonjeza kuti tidzamusankha tokha 2024 uja bwanji anasintha malamulo nkuimitsa? Bambo wina wa bungwe lakunja anati iwo amathandiza ndi ndalama komanso kuyang'anira zisankho, koma malamulo ndi a eni dziko. Sananame ayi, kungoti pamenepo ndinaona kuti mlendo amakuthandiza kuzimitsa moto, za kufolera denga nzako wekha, ndiye tisamangodikira.

Kumsonkhanoko atipempha kuti tikambirane nkulemba maganizo athu pa zosintha malamulo a zisankho, ine ndati tiitanenso anyakwawa ndi achinyamata osati ife okhaokha. Tikumane Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Amayi asungichuma, ndalama ya chapa (minibasi) inatsalako pang'ono, ndibwera nayo.