Kwa a kiliniki ya mano ku Chipata: dzino munandimata lija likuwolera pansi

Ndikulemba pagulu chifukwa foni yanu ndaimba kanayi, ndipo mauthenga anga a pa WhatsApp mumangowerenga osayankha. Dzina la kiliniki sinditchula, eni ake mukudzidziwa. Risiti yanga ya K750 ndinasunga.

M'mwezi wa March ndinalawirira kuchoka ku Chadiza kubwera kwa inu. Dzino langa lotafunira lam'munsi kumanzere linali ndi filling (chomatira pobowoka dzino) yasiliva, ija mumati amalgam, imene anandiika ndili ku koleji. Yakhala zaka 11 osandivutitsa. Chimene chinabenthuka ndi kambali ka dzino kokha. A dokotala anati yakaleyo ikhale, angowonjezera yoyera ija ya composite pambali ndi pamwamba. Njirayo sindikuitsutsa, ndi yodziwika ndipo imasunga dzino. Chondipweteka ndi mmene ntchitoyo inagwiridwira.

Tsikulo makina oyamwa malovu anali owonongeka. Anandiika kathonje kamodzi m'kamwa, ndipo kananyoweratu ntchito isanafike n'pakati pomwe. Malovu atadzaza pansi pa lilime ndinakweza dzanja, koma mtsikana wothandizira anangoti, "Amayi, pirirani, tatsala pang'ono." Phala loyera lija analiika lonse nthawi imodzi, n'kuwalitsa kanyali kabuluu kamodzi, basi dzukani. Pabenchi panja panali anthu ambiri odikira, ndikudziwa, koma inenso ndinali wodwala wolipira ngati iwowo.

Sipanathe masabata awiri, madzi a mumtsuko ndikamwa ululu unkalasa mpaka kukhutu. Tiyi chimodzimodzi. Mu April ndinabweranso, thiransipoti yanga, ana a sukulu ndinawasiyira mphunzitsi mnzanga. Palibe anayang'ana m'kamwa mwanga. Pa tebulo lolandirira alendo pomwepo anandiuza kuti dzino likuzolowera, ndimwe Panado. Pofika June panaoneka kamzere kakuda pamene siliva wakumana ndi choyeracho, nyama ndi masamba zikukodwa pomwepo, ndipo kafungo kanayamba. Ine ndimalankhula tsiku lonse pamaso pa ana, tangoganizani manyazi ake.

Mlungu watha ndinapita kwa dokotala wina. Anajambula dzinolo, n'kundionetsa mthunzi wa kuwola pansi pa filling yanu, pafupi ndi nkhama. Anandifotokozera modekha zimene inu simunandiuze. Amalgam simamatira ku dzino, imangokhala mothina m'dzenje limene aisemera. Composite ndiyo imamatira ndi guluu wake, koma pamalo pouma pokhapokha, malovu akangofikapo guluuyo sagwira. Komanso ikamauma ndi kuwala kuja imakhwinyata pang'ono, n'chifukwa chake amaiika pang'onopang'ono, gawo limodzi n'kuliumitsa, kenako lina. Ndiye pali pokumanira pa ziwirizi. Siliva ndi composite sizigwirana zokha, siliva wakaleyo amayenera kuyamba wapalidwa kuti akhale wokhakhala, n'kupakidwa mankhwala omatira. Pa ine makina opalira sanakhudze silivayo, zimenezo ndikukumbukira bwino. Ukamadya zotentha ndi zozizira, chilichonse chimafutukuka ndi kubwerera mwa icho chokha, ndiye kampata ka pakati pa ziwirizi kamangokulirakulira. Diso silingakaone poyamba, koma malovu ndi tizilombo zimalowa n'kuyamba kudya dzino m'kati.

Anandiuzanso kuti ndikachedwa kuwolako kufika pa mtsempha, ndipo pamenepo chotsala ndi root canal yodula kwambiri, ija amachotsa mtsempha wa dzino n'kutsekamo, kapena kuzula. Ine ndinabwera kwa inu pothawa kuzulako. Kumudzi kwathu anthu ambiri dzino likawawa amangoti kazuleni, ndipo ndakhala ndikuwalimbikitsa kuti kumata kulipo. Mlamu wanga ndi aphunzitsi anzanga awiri ndinawalozera kwa inu ndine. Lero ndiwauza chiyani?

Nditakwanitsa kulankhula ndi munthu wanu Lolemba, anati ndibwere ndi ndalama ina yonse ngati wodwala watsopano, chifukwa mwina ndinatafuna chimanga chokazinga. Ayi. Filling sinathyoke, ili pomwepo. Chimene chalephera ndi m'mphepete mwake, ndipo ululu ndinabwera kudzaunena mwezi umodzi wokha ntchito itachitika. Yang'anani m'buku lanu la April, dzina langa lilimo.

Ndikupempha kuti filling yonse ichotsedwe, yoyera ndi yasiliva yomwe, powola payeretsedwe, dzino limatidwenso pouma, popanda kundilipiritsa kachiwiri. Ngati makina oyamwa malovu aja sanakonzedwebe, ndibwezereni K750 yanga ndikakonzetse kwina. Ndipo chonde, pa tsiku limene zipangizo sizili bwino, muziwauza anthu kuti abwere tsiku lina. Ine ndikanabwerera ku Chadiza mosadandaula.

Ndidikira yankho lanu mpaka Lachisanu. Likapanda kubwera, risiti, chithunzi cha dzino ndi mauthenga onse ndizitumiza ku Health Professions Council of Zambia, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo. Nambala yanga muli nayo.