Atsala masabata 6, ndisiye mitu iti ya Fizikisi?

Aphungu,

Nthawi ili 1 koloko usiku, chisanu cha kuno ku Dedza chalowa m'mafupa koma tulo palibe. Ndimaphunzitsa Fizikisi ku Fomu 4 pasukulu ina yoyendera. Mayeso a MSCE atsala masabata 6, ndili ndi mapiriyodi 30 okha a mphindi 40, ndipo theka la silabasi ya Fomu 4 sitinalikhudze. Teremu yachiwiri ndinajomba mwezi ndi theka pa chifukwa chimene sindingalembe m'nyuzipepala. Komatu mlandu si wanga ndekha. Kiyi wa kabati ya zipangizo amasunga mnzanga wina amene amafika 9 koloko, pamene piriyodi yanga yapawiri imayamba 7:30. Ndadandaula katatu konse.

Maganizo anga ndi otere: masabata awiri malamulo atatu a Newton ndi lamulo la Hooke, awiri kubwereza magetsi, imodzi malenzi, yotsiriza magirafu. Mwana akamvetsa F = ma, za friction ndi terminal velocity amazitola mosavuta. Vuto ndi mayunitsi. Ukawapatsa 500 g ndi 2 m/s² kuti apeze mphamvu (F), ambiri amayankha 1000 N m'malo mwa 1 N chifukwa sanasinthe magalamu kukhala makilogalamu. Pa Hooke, sipuling'i ya 10 cm ikafika 12 cm amalemba 12 m'malo mwa 2 amene yatalikirapo, ndiye mzere wa girafu sudutsa pa ziro. Ku magetsi V = IR amailoweza bwino, koma ammeter, kachipangizo koyezera magetsi oyenda m'waya, amailumikiza kuchokera mbali ina ya batire kufika mbali inayo ngati voltmeter. Resistance ya ammeter ndi yaing'ono kwambiri, choncho imapsa. Ma ammeter atsala awiri, ana ndi 64.

Zikatero ndiye kuti circular motion, electromagnetism, digital electronics ndi radioactivity ndazitaya. Radioactivity ndi imene ikundipweteka mtima, poti half-life, nthawi imene imatenga kuti chinthu chitsale theka, ndi malikisi ongotola: 80 g, half-life ya masiku 5, pakatha masiku 15 patsala 10 g. Mapiriyodi awiri angakwane, koma ndiwachotse pati?

Mnzanga uja akuti ndingowamwetsa mapepala a mayeso akale a MANEB, aloweze mayankho. Ananena izi pamaso pa aphunzitsi onse, ndi kuwonjezera kuti wojomba sasankha. Mawu amenewa akundilirabe m'khutu. Kodi mwana woloweza angachite chiyani pa pepala la pulakitiko atapatsidwa waya, mabatire ndi rula? Komanso mwina akunena zoona, ine ndikungoteteza ulemu wanga.

Ndithandizeni aphungu. Ndizame pa mitu yochepa kapena ndingodutsa pamwamba pa yonse? Ana ndiwauze poyera kuti mafunso ena akawasiye? Nanga ahedi, amene akuganiza kuti silabasi tatsala pang'ono kumaliza, ndiwauze ndekha kapena ndidikire zotsatira? Makolo ena anagulitsa mbatata ya kachewere kuti alipire mayesowa.

Mphunzitsi wothedwa nzeru,
Dedza