Anzanga othamanga, masabata omaliza pumulani

A Mkonzi,

Ndati ndiyankhuleko kwa anzanga amene akukonzekera marathon, mpikisano wothamanga makilomita 42.195, makamaka achinyamata amene ndimawaona m'mamawa mu Masauko Chipembere Highway akukhetsa thukuta ngati mpikisano ndi lero pomwe kwangotsala sabata imodzi. Abale, masabata atatu omalizawa si owonjezera makilomita ayi, ndi nthawi yoti thupi lichire.

Ine ulendo woyamba ndinapanga zomwezi, ndinathamanga makilomita 30 kutatsala masiku 6 poopa kuti sindinatrene mokwanira, tsiku lenileni pofika pa 28 miyendo inali ngati andimangirira njerwa ndipo ndinamaliza moyenda misozi ili chuchuchu, miyezi inayi yodzuka 4 koloko kupita pachabe. Makilomita 42.195 si masewera.

Mtunda wautali womaliza, wa 30 kapena 32, uchitike kutatsala masabata atatu. Kenako muzichepetsa pang'onopang'ono mpaka sabata yomaliza muzingothamanga 5 kapena 8 basi, koma kaliwiro ka mpikisano kaja muzikaikamo pang'ono. Mtima umakuuza kuti mphamvu zithawa, ndikudziwa, koma sizithawa, minofu imakhala ikudzikonza ndi kusunga mphamvu zoti mudzagwiritse ntchito pamseu.

Masiku atatu omaliza idyani nsima, mpunga, mbatata, imwani madzi ndipo muzigona msanga, osayesa zakudya zachilendo. Nsapato zogula dzulo pa kaunjika musavale tsiku limenelo, matuza ake amayamba musanafike pakati. Makochi a makalabu chonde awuzeni anawa zimenezi.

Wothamanga,
Ndirande, Blantyre